Dothi Limene Linakafika ku Zutifeni

Kuseri kwa chipatala cha mishoni kwathu kuno ku Chiradzulu kuli thanki ya madzi yakalekale, ya njerwa zootcha. Pa sitepe yake ya m'munsi, mmisiri amene anaimanga analemba ndi msomali simenti isanaume: P. Oldenkamp, Zutphen, 1968. Amayi odikirira odwala amakhala pamenepo n'kumapala zidendene zawo, osadziwa kuti akhalira dzina la munthu. Koma Bernadetta, amene wakhala akuchapa nsalu za chipatalacho kuyambira ali mtsikana, malembawo anawaloweza asanayambe n'komwe sukulu. Ankawatsata ndi kachala kake. Linali dzina la bambo ake, ndi la mzinda wa kwawo kwa bambowo, umene ife timautchula kuti Zutifeni. Ndikumutchula dzina chomwechi poti ndine ndinamusambitsa ali khanda, ndipo mayi ake, Matilda, anali mnzanga wa chinamwali chimodzi.

Mzungu uja dzina lake anali Pita, koma ife tinkamutcha Bwana Chingwe, chifukwa sankaika njerwa ngakhale imodzi asanakoke chingwe. Sanali wansembe. Anali mmisiri wamba wa ku Holandi amene ansembe anamuitana kudzamanga mawodi. Munthu wamtali ngati mlongoti, khosi lofiira ngati la nkhuku ya kameta, Chinyanja chake chokhotakhota koma cholimbikira. Matilda ankatungira amisiri madzi. Za awiriwa sizinachitikire kutchire ayi. Pita anabwera yekha kwa amalume ake a Matilda, chipewa chili m'manja, nakhala pamkeka miyendo yaitali ija ikusowa kolowera. Poti analibe mbale, kapitawo wa amisiri ndiye anamuimira unkhoswe. Ansembe anakana kudalitsa ukwatiwo, koma kumudzi unali ukwati. Anamanga nyumba pamalo a apongozi ake monga achitira mkamwini aliyense, ndipo mpaka lero khoma lake lilibe mng'alu.

Mawodi atatha, Bernadetta atangoyamba kumene kuthamanga, Pita anati akukaona mayi ake odwala, abwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, inakata, inagwanso.

Mwanayo anakula ndi khungu limene dzuwa la m'munda linkalisenda ngati mbatata yophika, ndi tsitsi loterera lokana kulukidwa. Anzake ankamuimba kuti "mzungu wa gaga", poti azungu enieni sadya gaga. Akabwera akulira, mayi ake ankamupukuta ndi nsonga ya nsalu n'kumuuza kuti, "Asiye. Bambo ako akadzabwera adzachita manyazi okha."

Panali a Bonifasio, kalipentala wa pamishoni, munthu wofatsa amene mkazi wawo anamwalira pobereka. Anatuma anthu kukafunsira Matilda. Yankho linali lakuti, "Mwamuna wanga anatsanzika. Kodi munthu akapita ku Joni mumamukwatirira mkazi?" Ena amene anapita ku Joni ankabweradi patapita zaka, atanyamula sutikesi ndi chifuwa. Pita sanabwere ngakhale ndi chifuwa chomwe.

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, wansembe wina wokalamba atabwerako kutchuthi kwawo anamuitana Matilda Misa itatha. Ndinali pomwepo, poti mnzangayo anandigwira dzanja kuti ndimuperekeze. Abambo aja anati Pita wamwalira, amuika mumzinda wa kwawo, ndipo wasiya mkazi ndi ana aamuna awiri. Ndinkayesa kuti Matilda atukwana. Iye anangoyang'ana pansi nati, "Ndiye kuti anali pamitala. Wamkulu ndine."

Tsiku lomwelo anamanga duku lakuda. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, mkazi sadzivula yekha chakuda. Akuchimuna amabwera, amamupatsa kanthu m'manja, n'kunena pamaso pa mboni kuti, "Takusudzulani, mbale wathu munamusunga bwino, tsopano ndinu mfulu." Popanda mawu amenewa mkazi amakhala womangika. Matilda anayamba kudikira abale a Pita. Tinkamuuza kuti, "Anzathu, azungu sadziwa zosudzula." Iye ankati, "Munthu akapanda kudziwa amafunsa." A Bonifasio analola chaka chidutse, nabwera okha tsopano, imvi zitayamba kumera. Matilda anawayalira mkeka, nawauza kuti, "Akandisudzula mubwere." Iwo anati, "Chabwino." Anamukhomera chitseko chimene chinkagwa, napita.

Duku lija linasuluka, anagula lina. Nalonso linasuluka. Bernadetta anakwatiwa, anabereka Angela, mwamuna wake anamwalira, akuchimuna anabwera kuchokera ku Namitambo nam'sudzula bwinobwino, mayi ake akuonerera ali ndi duku lawo lakuda.

Matilda atadwala matenda ake otsiriza anamuitana mwana wakeyo nati, "Ukadzapeza njira, udzatape dothi la pamtumbira wanga ukathire pamanda a bambo ako. Ukawauze kuti ndinadikira. Ukakapezako abale awo, andisudzule, ngakhale ndili pansi." Bernadetta anavomera monga timavomerera zonse zimene wodwala wanena. Njira yopita ku Holandi akanaipeza kuti munthu wochapa nsalu? Tinamuika Matilda atavala duku lomwelo.

Koma njira inadzibweretsa yokha. Angela anaphunzira unamwino, napeza ntchito yosamalira nkhalamba ku Holandi komweko, nakwatiwa ndi Denis, mnyamata wa ku Mbombwe amene anapita kumeneko kusukulu. Atatenga pathupi anaitanitsa mayi ake kuti akamusambitsire mwana. Bernadetta atalandira pasipoti anabwera kwa ine, tinapempha kwa akuluakulu osunga manda, tinalowa kumasano awiriwiri. Anatapa dothi lodzadza dzanja, lofiira ngati lathu lija, nalimanga m'chidutswa cha chitenje cha mayi ake. Anatenganso katsache ka udzu, poti sungapite pamanda a kholo lako chimanjamanja osakasesapo. Zonsezi anazibisa m'sutikesi pakati pa nandolo ndi therere louma. Atafika sanazilowetse m'nyumba yodikira khanda. Anaziika m'kashedi kosungiramo njinga.

Zotsatirazi anandifotokozera yekha atabwerako, tikusenda chinangwa pakhonde panga.

Mwana atabadwa, mchombo utagwa, Bernadetta anamuuza Angela za ulendo wake. Angela anali akuyamwitsa.

"Mami, mukufuna mukaone chiyani kumeneko? Munthu anakuthawani musanasiye n'komwe kukodza pamphasa."

"Sindikukaona munthu. Ndatumidwa."

"Ndiye dikirani Loweruka, Denis akuperekezeni pagalimoto."

"Zimenezi si za mkamwini."

"Nanga mukasochera?"

"Ndinayenda Limbe yonse ndi dengu la tomato pamutu iwe uli kumbuyo. Ndisochere kuno kumene ngakhale agalu amayenda pamzere?"

Angela anaseka osafuna. Anawagulira mayi akewo tikiti yotsika mtengo, yokwerera sitima anthu a pantchito atapita kale, nawauza siteshoni yosinthira. Bernadetta anaphika mbatata ndi mazira, nathira tiyi m'fulasiki, kuti za mwana wongochira kumene zisakathere m'malesitilanti. Angela anamubwereka nsapato zake za kuntchito, namuponyera kandalama kachitsulo m'thumba la jekete. "Aka n'ka kuchimbudzi. Kuno ngakhale kutaya madzi n'kolipira."

M'sitima anakhala chapawindo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Munthu amene tsiku lililonse la moyo wake amadzuka n'kuona phiri la Chiradzulu anayenda mtunda wonsewo osaona ngakhale chulu. Dziko lathyathyathya ngati mkeka, ng'ombe zonenepa zopanda mbusa, ngalande zamadzi zowongoka mpaka kumene maso alekezera. Anandiuza kuti, "Amama, pamenepo ndi pamene ndinadziwa kumene bambo anachitenga chingwe chija."

Atatsika pasiteshoni anaona dzina lija, lomwe lija la pathanki, litalembedwa pachikwangwani chachikulu. Anaima nalitsata ndi maso, chilembo chimodzichimodzi, mpaka munthu wa njinga anamuimbira belu kuti apatuke.

Zutifeni ndi mzinda wa m'mbali mwa mtsinje waukulu. Misewu yake ndi yopapatiza, yoyalidwa njerwa, ndipo nyumba zake n'zogundana mapewa ngati anthu a pamzere wa kuchigayo. Pamwamba pa nyumba zina analembapo chaka chimene zinamangidwa, zaka zimene makolo athu anali asanaganize n'komwe zowoloka kuchokera ku Mozambiki. Nsanja za matchalitchi zinali ponseponse. Bernadetta sankayang'ana kwambiri m'mwamba. Ankayang'ana makoma. Mzere wina njerwa zogona m'litali, mzere wotsatira zoonetsa mitu, ndendende khoma la nyumba imene anabadwiramo. Pakona ina, ataona kuti palibe akumuona, anaika chikhatho pakhoma. Linali lofunda ndi dzuwa.

Ankayang'ananso nkhope. Anaona mphuno yake pankhope ya mayi wogulitsa tchizi pamsika. Anaona makutu ake pa nkhalamba ina yopalasa njinga. Koma palibe amene anaona kanthu pankhope yake. Kwathu anali mzungu wa gaga. Kumeneko anali mayi wachikuda wa chikwama chachikulu amene anthu ankamulambalala mwaulemu.

Nyumba zosungiramo zakale anangozidutsa, poti pakhomo pake panali potolera ndalama. Pachimbudzi cha pamsika anapeza kachitseko kachitsulo kofuna kandalama kaja. Anakagwira m'thumba, naganiza, nabwerera. "Kulipira kuti ndisiye zanga zomwe? Ndinapirira," anatero pondiuza. Anakakhala pabenchi m'mbali mwa mtsinje nadya dzira limodzi ndi tiyi, abakha akumuyang'ana m'kamwa.

Chapafupi panali khoma lakale la mzindawo, ndipo panaima kagulu ka alendo ndi mayi wowafotokozera m'Chingerezi. Chingerezi Bernadetta amachimva, anachitola kwa asisitere kochapira kuja. Anasendera pang'ono kuti amvereko zaulere. Mayi uja ankati khomalo laima zaka mazanamazana, ndipo mumzindamo munthu sangazule njerwa ya nyumba yakale ngakhale ili yakeyake popanda chilolezo. Njerwa ikaphwanyika amafunafuna ina yofanana nayo. Bernadetta mtima unakhala pansi. Anati mumtima mwake, anthu osunga njerwa chonchi, nanga makolo awo amawasunga bwanji? Anayamba kuchita manyazi ndi katsache kake.

Anafunsa njira ya kumanda kwa mayi wina wokoka galu. Anamuuza za basi, koma iye anayenda wapansi, nsapato za Angela zikumuluma zala. Nyumba zakale zinatha, panabwera zatsopano, kenako mitengo italiitali ndi chipata chachitsulo chotsegula.

Manda ake anali ngati dimba la maluwa la kwa bishopu. Tinjira ta timiyala tosalazidwa, ziliza zonyezimira, kapinga wometedwa. Panalibe ndi tsamba lomwe loti munthu asese. Panalibenso wom'pempha kuti alowe, ndiye anangogwada pachipata, nachita chizindikiro cha mtanda, nalowa. Anayamba mzere woyamba, kuwerenga chiliza chilichonse, nabwerera ndi mzere wachiwiri. Dzuwa linapendeka akadawerengabe. Maina ena ankayamba ngati la bambo ake n'kuthera kwina. Atamaliza anayambiranso, poganiza kuti maso amunamiza.

Bambo wina wa imvi, wovala ovololo yobiriwira, anali akukankha wilibala ndipo anakhala akumuona. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Bernard. Anasiya wilibala namuyandikira. Bernadetta anapinda maondo nam'patsa moni wathunthu, kufunsa za m'mene wadzukira ndi za kunyumba. Bamboyo anadabwa pang'ono, koma anayankha.

"Mukufuna manda a ndani, mayi?"

Anatchula dzina, ndi chaka chimene wansembe uja anabweretsa uthenga. Bernard anatulutsa foni, naimbira ku ofesi yawo, nayankhula chiyankhulo chawo chokhala ngati munthu wotsamwidwa ndi minga ya nsomba. Anamvetsera kanthawi. Kenako anaibweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

"Tiyeni ndikuonetseni pamene anagona."

Anamutengera pamzere umene anali ataudutsa kale kawiri konse. Anaima pachiliza chakuda chatsopano. Panali dzina la mkazi, ndi chithunzi cha mayi womwetulira atavala magalasi.

"Awa si iwo," anatero Bernadetta.

"Si iwo. Koma malo ake ndi ano. Nthawi yawo inatha."

Bernadetta anayesa kuti Chingerezi chamuthawa. "Nthawi ya chiyani?"

"Kuno manda ambiri ndi a lendi, mayi. Banja limalipirira zaka zakutizakuti. Zikatha, akafuna amawonjezera. Akapanda kutero, malowo timapatsa wina."

"Lendi? Ngati nyumba ya ku Bangwe?"

"Kumeneko sindikudziwako. Koma inde, ngati nyumba."

"Ndiye wakufa akalephera kulipira mumamutulutsa."

"Salipira wakufa. Amalipira amoyo."

"Anasiya ana aamuna awiri."

Bernard anakanda kumbuyo kwa khutu. "A ku ofesi akuti anawafunsa. Wina sanayankhe. Winayo anati palibe chifukwa, poti sabwerako. Musawaone ngati oipa, ambiri amatero. Dziko lathu ndi laling'ono. Tinaikanso kachikwangwani pachiliza chaka chathunthu, kuti mwina wachibale wina adutsa n'kuona."

Chaka chimenecho Bernadetta anali kuno, akuzula udzu pamtumbira wa mayi ake.

"Chiliza chawo chili kuti?"

"Zimene abale sanazitenge zimaphwanyidwa. Miyala yake imakathiridwa m'misewu."

"Nanga eni ake?"

Anamutengera kumapeto kwa manda, kuseri kwa mpanda wa zitsamba. Kunali kabwalo ka kapinga, kosalala, kopanda mtumbira, kopanda mtanda, kopanda dzina ngakhale limodzi. Bernard anati mafupa a onse ochotsedwa amawasonkhanitsa pansi pamenepo, ndipo amachita zimenezo mwaulemu, m'mamawa anthu asanayambe kubwera. Ndiye anamuyang'ana nafunsa, "Pepani, inu ndinu ndani wawo?"

Funso limeneli Bernadetta analidikira moyo wake wonse. Yankho lake analiyeserera m'ndege, analiyeserera m'sitima.

"Ndine mwana wawo woyamba."

Bernard anavula kapu yake. Anamuyang'ana nkhope bwinobwino, munthu woyamba kutero mumzinda monsemo. "Mukanabwera nthawi ya kachikwangwani ija, mwina zikanatheka," anatero.

"Palibe anandiuza."

"Sitinkadziwa kuti mulipo."

"Iwo ankadziwa," anatero Bernadetta, akuloza kapinga ndi mlomo.

Anapempha kuti amuuze kumene azichimwene akewo amakhala. Anayesa kufotokoza kuti safuna chuma, safuna nyumba, akungofuna mmodzi wa iwo anene mawu ochepa chabe kwa mayi wina amene anamwalira atavala duku lakuda. M'Chingerezi zinkamveka ngati zamisala. Bernard anamvetsera mpaka pamapeto, napukusa mutu. Anati lamulo silimulola kupereka adiresi ya munthu, ndipo a ku ofesi anena chimodzimodzi. Kenako anabwerera pang'ono, naima chapatali kuti amupatse mpata.

Bernadetta anagwada pakapinga, namasula kansalu kaja. Dothi lathu lofiira linaoneka lachilendo pamalo obiriwirawo. Anakweza dzanja kuti athire, koma dzanja linakana kupendeka. Pansipo panali ndani? Amuna ndi akazi osadziwana, mafupa osakanikirana ngati zitsononkho za pankhokwe, mwina ndi mkazi wachiwiri yemwe. Anthu otayidwa ndi ana awo. Mayi ake anakana a Bonifasio, anapirira kusekedwa ndi mudzi wonse, kuti mapeto ake adzathiridwe padzala? Nanga tsiku lina eni dziko akadzafunanso malo amenewo?

Anamanganso kansalu kaja mfundo ziwiri. Koma uthenga anaupereka, poti anatumidwa. Anayankhula m'Chinyanja, chomwe chija bamboyo ankachikhotetsa.

"Bambo, ndine Bernadetta. Amayi akuti anadikira."

Anapereka mpata monga timachitira, kuti bamboyo ayankhe. Kumzinda kuja mabelu a pansanja anayamba kuimba kanyimbo kosangalala, kokhala ngati ka ana a sukulu ya mkaka.

Tsache lolowa kumanda silibwerera kunyumba ya khanda, ndiye analitsamiritsa pampanda. Bernard analitola, nalitembenuza uku ndi uku, nati zinthu zosiyidwa saloledwa kuzisiya pamenepo. Analiika mu wilibala, pamwamba pa maluwa ofota. Bernadetta anasamba m'manja ndi kumaso pampopi wothirira maluwa, nathokoza, natuluka.

Pobwerera anadutsanso pakhoma lakale lija. Panali amisiri awiri pamakwerero, wina akutsuka njerwa imodzi ndi kaburashi ngati akusambitsa mwana. Sanaime. Ankayenda akuyang'ana pansi, pamsewu, osadziwa kuti ndi sitepe iti imene akuponda dzina la bambo ake. Mbatata ija anabwerera nayo osaidya.

Atafika anabisanso dothi m'kashedi ka njinga, nasamba thupi lonse asanagwire khanda. Angela anamudikira kuti ayambe yekha, koma ataona kuti mayi ake angokhala, anafunsa.

"Mwawapeza?"

"Achokanso."

Angela anasendera pafupi. Anawapatsira mwana.

Bernadetta anabwerera kuno mvula ili pafupi. Kumayambiriro kwa Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya akufa, Akhristu tonse timapita kumanda ndi makasu ndi matsache kukalambula. Anandipempha kuti ndikaime naye pamtumbira wa Matilda. Anaitananso a Bonifasio, amene anabwera ndi ndodo yawo kudzasesa pa mkazi wawo wakalekale uja. Iwo sanakwatirenso. Maso awo achita ng'ala tsopano, koma makutu akadali akuthwa.

Anagwada, namasula kansalu, nabwezera dothi lija pamene analitapa, nalisalaza ndi chikhatho.

"Amayi, ndabwerako. Uthenga wanu ndinapereka. Dothi lanu ndabwera nalo, poti kumeneko kulibe pogona. Amuna anu ana awo anawataya. Musadikirenso munthu, kulibe amene akubwera."

Anapisa m'thumba natulutsa kandalama kachitsulo ka ku Holandi, komwe kaja anakaumira pachimbudzi cha pamsika.

"Ine ndine wa kwanu, amayi, mbumba yanu. Koma magazi a kuchimuna amene atsala m'dziko lino ali mwa ine ndekha. Ndiye lero ndaima ngati wa kwa Pita." Anatambasula dzanja lokhala ndi kandalama kaja. "Mbale wathu munamusunga bwino. Munamusunga kuposa ife eni ake. Landirani aka m'manja. Takusudzulani. Vulani duku."

Anakankhira kandalamako m'dothi ndi chala chachikulu, chakumutu, mpaka kanabisika. Ndiye anatembenuka. "Amama, mwamva?"

"Ndamva," ndinatero.

"A Bonifasio, mwamva?"

Nkhalamba ija inavula chipewa. 

"Ndamva, mwanangu. Ndine mboni." Anagogoda ndodo pansi pafupi ndi mtumbira. "Matilda, paja unati akakusudzula ndibwere. Ndabweratu."

Palibe amene anaseka. Kumbali kwathu anthu ankapitiriza kulambula, opemphera kolona atayamba kale chakumtunda. Bernadetta anapinda kansalu kopanda kanthu kaja, nakalowetsa m'chiuno, natola khasu.

M'mawa mwake anabwerera kuntchito. Njira ya kochapira imadutsa pathanki paja, ndipo ndinamuona akudutsa ndi mtolo wa nsalu pamutu. Pa sitepe ya m'munsi panakhala mayi wina wodikirira wodwala, akupala chidendene pamalembo aja. Kale Bernadetta ankawapempha anthu otere kuti asendere uko. Tsiku limenelo anangomupatsa moni, napitirira.